Za pulayima: sitipaka nkhope yonse, ndipo mankhwala a m'mimba tiwasiye

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga mu nyuzi yathuyi ndiyankhulepo za pulayima, ija timapaka kumaso tisanaike faundeshoni, chifukwa zomwe zikuyenda pa TikTok ndi pa Facebook masiku ano zina zikungondiseketsa koma zina zikundidetsa nkhawa ndithu. Ine ntchito yanga ndi yophoda anthu, nkhope za eni ake ndimazigwira pafupifupi tsiku lililonse, zamafuta, zouma, za ziphuphu, za makwinya, nde zomwe ndinene apa si zam'maluwa ayi.

Chimene ndikufuna azimayi anzanga amve, ndi abambo omwe paja masiku ano amene amaonekera pa TV kapena pa siteji nawonso amaphodedwa, ndi chakuti pulayima imagwiradi ntchito koma imagwira pa malo ake, pa khungu lake, ndiponso ikakhala yochepa. Anthu ambiri amene amabwera akudandaula kuti ndinagula pulayima koma mekapu ikumachokabe ikamakwana 12 koloko masana, ukawafunsa bwinobwino umapeza kuti pulayimayo ilibe mlandu. Mwina anagula yosagwirizana ndi khungu lawo, mwina anaipaka ngati loshoni kuyambira pachipumi mpaka m'khosi, pena anangopaka nthawi yomweyo n'kuthira faundeshoni pamwamba osadikira olo pang'ono.

Kuti timvane bwino tione kaye zimene zimachitika pankhope pakadutsa maola angapo. Khungu lathu limatulutsa mafuta akeake, madokotala amawatchula kuti sebum, ndipo amatulukira mu timabowo tating'onoting'ono tija timaoneka kwambiri pamphuno ndi m'mbali mwake. Mafutawa ndi ofunika, amateteza khungu kuti lisaume, koma faundeshoni ikakumana nawo imayamba kusungunuka n'kumasuntha pang'onopang'ono, kenako imakaunjikana m'mizere ija imaoneka m'mbali mwa kamwa ukamaseka, pansi pa maso, ndi m'makona a mphuno. Onjezanipo thukuta, kugwiragwira kumaso, foni yotsamira patsaya, basi pofika masana mphuno ili waliwali faundeshoni yonse yathawa pomwe masaya akadali bwinobwino. Mafutawa amatuluka kwambiri pachipumi, pamphuno ndi pachibwano, n'chifukwa chake mekapu imayambira kumeneko kuonongeka.

Pulayima ntchito yake ndi kukhala pakati pa khungu ndi faundeshoni. Zambiri zili ndi silikoni, mukatembenuza chubu n'kuwerenga kumbuyo mupeza mawu ngati dimethicone, dimethicone crosspolymer kapena cyclopentasiloxane. Dimethicone salowa mkati mwa khungu, amangoyala pamwamba n'kudzaza timabowo ndi timizere kuti pakhale see, nde faundeshoni ikabwera imayenda bwino m'malo mogwera m'timaenje. Cyclopentasiloxane uja ndi wopepuka, amathandiza kuti pulayima itambasuke kenako iye amauluka yekha pakapita kanthawi, n'chifukwa chake mukangopaka imamveka yoterera koma pakadutsa mphindi imodzi ziwiri pamakhala pouma, posalala mukagwira. Zina amaikamo silica, kaufa kosalala kwambiri kamene kamamwa mafuta komanso kumwaza kuwala kuti diso lisaone timabowo tija bwinobwino.

Apa ndiye pali bodza lina lomwe lafala, loti pulayima imatseka timabowo kapena imatichepetsa. Ayi ndithu. Timabowo ta pakhungu tilibe minofu yoti tizitseguka ndi kutsekeka, kukula kwake n'kwakumtundu komanso kumatengera kuchuluka kwa mafuta ndi zaka za munthu. Chomwe pulayima imachita chili ngati kukwirira maenje a mumsewu ndi dothi, galimoto idutsa bwino lero koma dzenje likadalipo, madzulo mukasamba kumaso timabowo tanu mutipeza pomwepo. Palibe cholakwika ndi zimenezo, bola munthu adziwe chimene akugula, asamadikire kuti pakatha mwezi khungu lisintha.

Mbiri yake imathandizanso kumvetsa kuti chinthuchi anapangira ndani. Ku Los Angeles, Max Factor mu 1914 anapanga zodzola zopepuka za anthu ochita mafilimu chifukwa zija za pa siteji zinali zokhuthala, zimang'ambika munthu akasuntha nkhope ndipo kamera imaonetsa zonse. Patapita zaka zambiri zidzukulutudzi zake, Dean ndi Davis Factor, anali ndi situdiyo yojambulira zithunzi yotchedwa Smashbox, mu 1996 anayamba kupanga mekapu ya dzina lomwelo, ndipo mu 2000 anatulutsa pulayima ija ya Photo Finish imene inapangitsa kuti anthu wamba ayambe kuidziwa nkhani ya pulayimayi. Taonani dzina lakelo. Anapangira munthu amene wakhala pansi pa magetsi otentha kwa maola, kamera ili pafupi ndi nkhope, wojambula sakufuna kumangoimitsa ntchito kuti akonzenso mekapu. Nde ngati ndinu mkwatibwi, kapena mukuimba pa siteji, kapena mukhala panja tsiku lonse mukujambulidwa, pulayima ndi mnzanu. Koma ngati mumangopaka kafaundeshoni pang'ono popita kuntchito ndipo khungu lanu silivuta, mutha kukhala opanda pulayima moyo wanu wonse osaluza kanthu, loshoni wabwino wa kumaso akukwanirani. Ogulitsa sangakuuzeni zimenezi, ine ndakuuzani.

Tsopano kwa amene akuifunadi. Choyamba phunzirani kuwerenga kumbuyo kwa botolo, osati kutsogolo kumene amalemba zokopa. Malamulo a ku Ulaya ndi ku America amati zinthu zimene zili mkati azilemba motsatira kuchuluka kwake, chambiri chimayamba, mpaka kufika pa zija zosapitirira 1 peresenti zimene atha kuzilemba mmene akufunira. Ndiye zinthu zisanu zoyambirira ndi zimene zimakuuzani zoona. Anthu ambiri amangoona mawu oti aqua kapena water pamwamba basi amvekere eee iyi ndi yamadzi, koma madzi amayamba pafupifupi mu chilichonse, olo mu pulayima yodzadza ndi silikoni. Yang'anani wachiwiri, wachitatu, wachinayi. Mukaona mawu othera ndi cone, methicone kapena siloxane ali mmwambamwamba, imeneyo ndi ya silikoni. Mukaona glycerin, aloe, hyaluronic acid, butylene glycol ndipo silikoni ali kumunsi kwenikweni kapena mulibe, imeneyo ndiye yamadzi.

Pa intaneti mumva lamulo loti pulayima ya silikoni iziyenda ndi faundeshoni ya silikoni, yamadzi ndi yamadzi, mukasakaniza zimakanana. Lamuloli lili ndi nzeru ndithu ndipo kwa munthu woyamba kumene ndi poyambira pabwino, koma ine sindilitenga ngati lamulo la Mose, chifukwa mafaundeshoni ambiri amene tili nawowa ali ndi madzi ndi silikoni zonse pamodzi zosakanizidwa kale kufakitale, ndipo ndaonapo zosiyana zikugwirizana bwinobwino, zofanana zikukanana. Njira yosanama ndi kuyesa. Pakani kapulayima kuseri kwa dzanja, dikirani kauma, ikani kadontho ka faundeshoni pamwamba n'kukatambasula ndi chala. Ikayala bwino, zili bho. Ikayamba kupatukana n'kusiya timipata ngati yachita madontho madontho, kapena ikayamba kutulutsa timibulu tating'ono tokhala ngati litsiro lija limatuluka munthu akamadzikhula posamba, dziwani kuti pankhope zichitanso chimodzimodzi.

Timibulu timeneti ndi dandaulo limene ndimamva kwambiri kuposa lina lililonse, ndipo nthawi zambiri si nkhani ya silikoni ndi madzi, ndi kuchulutsa komanso kupupuluma. Munthu wapaka seramu, pamwamba loshoni, pamwamba sunscreen yoteteza ku dzuwa, pamwamba pulayima yodzadza chikhatho, zonsezi mu mphindi ziwiri, kenako watenga bulashi n'kumakhula mozungulira mwamphamvu, nanga zosanjikizanazo zipita kuti? Zimangopindika n'kukhala timibulu basi.

Mmene ine ndimachitira ndi chonchi. Nkhope ikhale yosamba, ndapaka loshoni wa kumaso wopepuka, olo munthuyo akhale wa khungu lamafuta ndimapakabe, kenako sunscreen ngati ndi masana, ndiye ndimasiya kaye ndikukonza nsidze kapena kusankha mitundu kuti zimenezo zikhazikike. Pulayima ndimafinya kadontho kochepa kwambiri kosadzadza n'komwe nsonga ya chala, ndimakaika kuseri kwa dzanja langa, n'kumatapa pang'onopang'ono ndi chala chapakati. Ndimayambira m'mbali mwa mphuno pamene timabowo timaonekera, ndikudinda osati kupaka, chala chikugunda n'kudzuka, kugunda n'kudzuka, kuti ilowe m'timaenjemo. Kenako pamphuno penipeni, pakati pa nsidze, pachipumi pang'ono, pachibwano, ndi m'mizere ya m'mbali mwa kamwa. Yotsala pa chala ndi imene imafika m'masaya, ndipo kwa anthu ambiri m'masaya sindifikamo n'komwe. Ndikatero ndimadikira mphindi imodzi kapena ziwiri, ndimagwira ndi kuseri kwa chala, pakakhala kuti sipakunyowa ndiye ndimabweretsa faundeshoni ndi siponji yonyowetsa yofinya bwino, nayonso modinda. Mukakoka ndi bulashi uku ndi uku mukuchotsa pulayima ija munavutika nayo kudinda.

Anthu ena amadabwa ndikamagwiritsa ntchito mapulayima awiri pa nkhope imodzi, koma nkhope zambiri ndi zosakanikirana, pakati pamafuta m'mbali mouma, nde pakati ndimaika yoletsa kuwala, m'masaya yonyowetsa kapena osaika kanthu. Yoletsa kuwala ija mukaiyala pa masaya ouma, faundeshoni imagwira pa timakhungu tosendeka tija n'kutionetsa kwambiri kuposa mmene tinalili, munthu n'kuoneka wotuwa mbuu ngati wadwala. Ndipo amayi akuluakulu amene makwinya ayamba, chonde, yokhuthala ija yangati phala sikuti ibisa makwinya, mukachulutsa imakakhala m'makwinya momwemo ndipo mukangomwetulira imasweka. Pamenepo pamafunika yopepuka yonyowetsa, ndi faundeshoni yochepa.

Zaka zapitazi kwabweranso mtundu wina, mapulayima omata, ngati Hydro Grip ya Milk Makeup imene inatuluka mu 2019, ndi Power Grip ya e.l.f. imene inabwera pambuyo pake. Amenewa sasalaza kwenikweni, ndi jelo amene akauma pang'ono amasiya nkhope yonata kuti faundeshoni ikakamire. Amathandiza kwambiri anthu a khungu louma ndi amene mekapu yawo imangotsetsereka, koma chinsinsi chake ndi kudikira mpaka imveke yonata mukagwira, mukaika faundeshoni ikadali yonyowa mwangosakaniza ziwirizo basi palibe chimene mwachita. Kunata kumeneku ndi kumene kunatchukitsa mafuta aja abambo amapaka akameta ndevu, a Nivea Men, pamene Nikkie de Jager wa ku Netherlands, uja wa NikkieTutorials pa YouTube, anaonetsa mu 2015 kuti amawagwiritsa ntchito ngati pulayima. Muli glycerin wambiri, ndiye amene amanata. Mafuta amenewa ine sindilimbana nawo kwambiri chifukwa anapangidwira nkhope, kungoti kafungo kake si aliyense amene khungu lake limakalola.

Chimene chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi milk of magnesia. Akonzi, amenewa ndi mankhwala akumwa, a munthu amene wadzimbidwa kapena akumva chilungulira, koma atsikana ambiri ngakhalenso ena mwa anzanga ophoda anthu akumawapaka kumaso ngati pulayima ati chifukwa amaumitsa mafuta tsiku lonse. Zoona amaumitsadi, sindikana, nkhope imakhala gwaa osawala olo kutenthe bwanji. Koma taonani chimene chikuchitika pansi pake. Khungu la munthu mwachilengedwe lili ndi kaasidi pang'ono pamwamba, pa muyeso uja wa pH limakhala cha m'ma 5, ndipo kaasidi kameneka ndi kamene kamathandiza kuti chinyezi chisathawe komanso kuti tizilombo toyambitsa mavuto tisachulukane. Milk of magnesia mkati mwake muli magnesium hydroxide, pH yake ili cha m'ma 10, ndipo pa muyeso umenewu sitepe imodzi yokha ndi kusiyana ka 10, nde werengani nokha kuchokera pa 5 kufika pa 10. Anapangidwa kuti akathane ndi asidi wa m'mimba amene ndi wamphamvu zedi, ndiye inu mukuwaika pa kaasidi kofooka ka pankhope n'kuwasiya pamenepo kuyambira mmawa mpaka usiku, pansi pa faundeshoni, mawa chimodzimodzi.

Zotsatira zake sizibwera tsiku loyamba, n'chifukwa chake anthu amatsutsa, amvekere ine ndimapaka koma palibe chimene chachitika. Zimabwera mwakachetechete, khungu limayamba kuuma ndi kukokeka ukasamba, kenako kusenda m'mbali mwa mphuno, loshoni amene umapaka bwinobwino kale akuyamba kukuwawa, tiziphuphu tating'ono tikutuluka. Ndipo kwa ife a khungu lakuda nkhani yake siithera pa chiphuphu, malo alionse amene atupa kapena kupsa amasiya banga lakuda limene limatenga miyezi kuti lizimirire, nde munthu uja amagula faundeshoni yokhuthala kuti abise mabanga, amapakanso milk of magnesia wambiri kuti faundeshoni yokhuthalayo isasungunuke, zikungozungulira choncho.

Mtsikana wina anabwera kuti ndimuphode pa tsiku lake lalikulu atadzipaka kale yekha kunyumba, ati kuti andichepetsere ntchito. Nditamuyang'ana pafupi ndi galasi, m'mbali mwa kamwa munali timing'alu toyera, m'nsidze muli ufa woyera wouma, ndipo nditayesa kuika faundeshoni pa tsaya inagwira pomwepo osasuntha, mtundu wake n'kusintha kukhala wotuwa. Tinachita kusambitsa nkhope yonse n'kuyambiranso, ndipo pansi pake khungu linali losendeka moti nthawi yambiri inathera pa kulinyowetsa kuti mekapu ikhalepo.

Mnzake wa milk of magnesia ndi calamine, mankhwala apinki aja timapaka ana akadwala katsabola kapena munthu akalumidwa ndi tizilombo thupi likamayabwa. Nawonso anatchuka pa TikTok ngati pulayima. Muli zinc oxide ndi iron oxide, ena amaikamonso phenol pang'ono, ndipo ntchito yake ndi kuumitsa zilonda zonyowa ndi kuziziritsa poyabwa, kwa masiku ochepa, pamalo pamene pavuta pokha. Kuwayala nkhope yonse tsiku ndi tsiku ndi kuumitsa khungu lopanda chilonda. Ngati mafuta a nkhope yanu ndi ochuluka moti mwafika poganiza za mankhwala a m'mimba, pezani pulayima yoletsa kuwala yokhala ndi silica, dindani paudala pang'ono pamphuno ndi pachipumi, yendani ndi timapepala tija tomwera mafuta kapena tishu wamba kuti masana muzingodinda osati kupukuta, ndipo zikapitirira kaonaneni ndi dokotala wa khungu, alipo mankhwala enieni a vuto limeneli.

Pali nkhani inanso imene ambiri opanga mavidiyo satchula chifukwa khungu lawo ndi loyera. Silica, zinc oxide ndi titanium dioxide ndi zinthu zoyera ndipo zimabweza kuwala, nde pulayima imene ili ndi zimenezi zambiri pa khungu lakuda imatha kusiya kautuwa, ndipo choipa kwambiri chimaoneka pa chithunzi chojambula ndi fulashi, pagalasi munali bwinobwino koma pa chithunzi pansi pa maso ndi pachipumi payera ngati mwagwera mu ufa. Musanapite ku mwambo uliwonse wa usiku dzijambuleni kaye nokha ndi fulashi m'chipinda chamdima pang'ono, foni yanu yomweyo ikuuzani zoona. Makampani anachedwa kutiganizira, mpaka pamene Rihanna anatulutsa Fenty Beauty mu 2017 ndi mitundu 40 ya faundeshoni ndi pamene ambiri anadzidzimuka n'kuyamba kuonjezera mitundu yakuda, koma pa mapulayima muyenera kudziyang'anira nokha, yooneka ngati madzi kapena jelo nthawi zambiri siivuta, yoyera ngati mkaka iyeseni kaye pa chibwano.

Mapulayima amitundumitundu aja nawonso musamangotola chifukwa botolo likukongola. Yobiriwira anapangira kubisa kufiira, imathandiza anthu oyera amene masaya awo amafiira, pa khungu lakuda imangobweretsa utuwa. Ife chimene chimativuta ndi mabanga akuda ndi kuda kwa pansi pa maso kapena kuzungulira kamwa, pamenepo pamafunika ya olenji, khungu likakhala lakuda kwambiri olenji wake akhalenso wozama wopita kofiira, ndipo imaikidwa pa banga pokhapo, kochepa, osati nkhope yonse.

Ndinenepo za SPF, nambala ija imaonetsa mphamvu yoteteza ku dzuwa, chifukwa apanso ambiri akunamizika. Pulayima ina imalembedwa SPF 15 kapena SPF 30 munthu n'kuganiza kuti basi dzuwa ndathana nalo. Nambala imene ija amaipeza poyeza atapaka mamiligalamu 2 pa sikweya sentimita iliyonse ya khungu, zimene pa nkhope yonse zimakwana pafupifupi kota ya tiyisupuni. Ndani amapaka pulayima yochuluka choncho? Ine ndangokuuzani kumene kuti muzipaka kadontho, pamphuno ndi pachipumi pokha. Nde chitetezo chimene mukupeza ndi chochepa kwambiri kuposa chimene chalembedwa, komanso manambalawa saphatikizana, SPF 15 ya pulayima ndi SPF 30 ya faundeshoni sizipanga 45. Sunscreen ikhale payokha, pansi pa pulayima. Ndipo tisamati ndife akuda dzuwa silitikhudza, mabanga aja tikulimbana nawo kubisa dzuwa ndi limene limawadetsa kwambiri.

Ena amaopa silikoni, ati amatseka khungu kuti lisapume. Khungu silipuma ngati mphuno, mpweya limaupeza kuchokera m'magazi, ndipo dimethicone ndi chinthu chofatsa moti bungwe la FDA loona za zakudya ndi mankhwala ku America limamuika pa gulu la zoteteza khungu, mumupezanso mu mafuta ena opaka ana akasupuka ndi matewera. Mwina munamvapo kuti ku Ulaya analetsa silikoni, zoona zake n'zakuti kuyambira pa 31 January 2020 European Union inaika malire a 0.1 peresenti pa mitundu iwiri ya silikoni yotchedwa D4 ndi D5 mu zinthu zotsukuluza ngati shampu, ndipo mu 2024 anaonjezerapo D6 komanso zodzola zokhalitsa pakhungu kuyambira mu June 2027, koma chifukwa chachikulu chimene anapereka ndi chilengedwe, zinthuzi zimachedwa kuwola zikalowa m'madzi ndipo zimaunjikana m'zamoyo. D5 ndi cyclopentasiloxane uja ndamutchula poyamba, nde musadabwe pulayima imene munaizolowera ikasintha kamvekedwe m'zaka zikubwerazi.

Chimene chimabweretsa ziphuphu nthawi zambiri ndi kugona nayo, kapena kuichotsa mwachinyengo. Pulayima anaipanga dala kuti ikakamire ndi kukana madzi, ndiye kungowaza madzi ndi kasopo kamodzi sikukwanira, pansi pake pamatsala mafuta, thukuta ndi fumbi la tsiku lonse. Yambani ndi mafuta ochotsera mekapu kapena madzi ake ochotsera mekapu otchedwa micellar water pa thonje, kenako sambani ndi sopo wa kumaso. Siponji ndi mabulashi nazonso muzichapa, ena siponji yawo yasintha mtundu kalekale koma mlandu wa ziphuphu akuupereka kwa pulayima. Mawu aja oti non-comedogenic pa botolo, otanthauza kuti chinthucho sichitseka timabowo ta pakhungu, musawakhulupirire kwambiri, palibe muyeso umodzi wa boma umene onse amatsatira asanawalembe, chinthu chatsopano chiyeseni kaye kuseri kwa khutu kapena m'mbali mwa chibwano kwa tsiku limodzi kapena awiri.

Pulayima ya m'zikope ndi ina, ndi youma kwambiri ndipo imaletsa mitundu kuunjikana pa mzere wa chikope, imeneyi yokha ndinganene kuti aliyense wa zikope zamafuta amene amakonda eyeshadow aipeze, kusiyana kwake kumaoneka tsiku lomwelo. Ya kumaso m'zikope siigwira bwino chifukwa imaterera.

Pa botolo palinso kachithunzi ka kachitini kotsegula kolembedwa 6M kapena 12M kapena 24M, ndiye miyezi imene chinthucho chimakhala chabwino mukachitsegula. Ikayamba kupatukana madzi pamwamba, kapena fungo lasintha, tayani olo itsale theka. Ndipo samalani ndi zachinyengo, maina otchuka onsewa ali ndi makope ake, mu 2018 apolisi a ku Los Angeles analanda mekapu yachinyengo ya ndalama pafupifupi madola 700,000 ndipo itayezedwa munapezeka tizilombo tambiri ndi ndowe. Pulayima ndi imene imakhudza khungu mwachindunji kuposa faundeshoni ndi paudala, nde bola yosatchuka koma yeniyeni kusiyana ndi ya dzina lalikulu yosadziwika kumene yachokera.

Pali nkhope zina zimene pulayima iliyonse imalephera, ndipo ndimamva chisoni ndikaziona, zija zapsa ndi mafuta oyeretsa khungu, makamaka okhala ndi ma steroid ngati clobetasol, khungu lapyapyala timitsempha tikuonekera, masaya ofiira m'mbali mwakuda. Pamenepo chilichonse chimene ungaike chimawawa ndipo sichikhala, munthu wotere akufunika dokotala kaye, mekapu pambuyo.

Pempho langa kwa inu akonzi ndi loti tsiku lina mutipezere dokotala wa khungu adzalembe m'nyuzi muno za milk of magnesia ndi calamine, chifukwa ine ndikamanena anzanga ena amati ndikufuna kuwaphera bizinesi, mwina akamva kwa dokotala asiya. Ndipo inu amene mukupita kukaphodedwa, muli ndi ufulu wofunsa kuti chimene mukundipakachi n'chiyani, akuonetseni botolo lake muwerenge, akakutulutsirani kabotolo kopanda lebulo kokhala ndi zoyera zamadzimadzi muwauze kuti adumphe pamenepo apite pa faundeshoni.

Ndine wowerenga wanu,
Mayi wophoda anthu